Nyale za a Mawaya

Mtsikana atangolowa pageti ndi jumbo ya katundu wa bambo ake yochokera kuchipatala, nyale ya pakhonde inayaka, dzuwa lili pamutu. Ataponda pakhomo inayakanso ya pambali pa mpando wa malemu, mpando umene aliyense ankaulambalala chiikireni maliro.

Azakhali ake anagwetsa supuni. "Mayo! Achimwene alowa!"

"Yalowa ndi foni, ili m'jumbomo," anatero amayi ake a mtsikanayo, osasiya kupinda zovala. "Anachita dala kuti akamafika nyumba iziwalandira. Munthu wandevu zake kufuna kulonjeredwa ndi babu."

Palibe anaseka.

Amuna awo, amene ana a mumsewumo ankawatcha a Mawaya, anathera miyezi yawo yomaliza pamakwerero. Anachotsa mababu abwinobwino n'kuika ena omvera foni, namata timabokosi toyera m'makona. Amayi anangowauza kuti bola asakhudze mbaula. Sanafunse, sanaphunzire. Tsiku loti mawa lake akagonekedwa kuchipatala, bambowo anaswera akuyendayenda m'nyumba foni kumanja, milomo ikuwerenga zosamveka. Amayi anawatsatira kuchipatalako, ndipo anabwerako ndi maliro.

Vuto linali m'mamawa. Chibwerereni, amayi sankagona kuchipinda, ankayala pabalaza ndi azakhali. Tsiku lililonse kusanayere, pansi pa chitseko cha chipinda chotsekacho pankatuluka kuwala. Kenako mukolido, babu loyamba, lachiwiri, pang'onopang'ono ngati munthu wokoka mwendo. Kenako kubafa. Ikazima ya kubafa inkayaka ya pasitepe yotsikira kukhitchini. Pomaliza, ya pamwamba pa sinki inkaphethira kawiri, kudikira, n'kuphethiranso.

"Kumeneko n'kuitana munthu," anatero azakhali madzulo a tsikulo, banja lili patebulo. "Ine katundu ndamanga kale."

Mng'ono wa malemu anakankha mbale yake. "Alamu, ine mawa ndizula zonsezi. Nyumba itsekedwe kaye, inu mupite ndi mwanayu."

"Itsekedwe yalakwanji?"

"Amayi, kwathu chipinda chilipo," anatero mtsikana. "Ndi maso anuwo simungakhale nokha muno. Si paja munagwa pasitepe?"

"Anakuuza ndani?"

"Ababa."

"Ona! Kwa ine du, kwa iwe wailesi." Amayi analoza jumbo. "Tenga foniyo uzimitse zopusazi, anthu agone."

Mtsikana anayesa, n'kuiika pansi msanga ngati yotentha. "Ikufuna chala chawo kuti itseguke."

"Ndiye chalacho tinakwirira."

Nyale ya pampando paja inali chiyakire. Azakhali anasuntha, kuipatsa msana.

Amayi anali atatopa. Anatopa ndi alendo, ndi mbale, ndi simenti ya pabalaza imene inkawadya m'chiuno. Anatola bulangete lawo.

"Ndikagona pabedi panga. Ngati akundifuna andipeza pomwepo, asavutike n'kuyendayenda."

Kusanayere anadzidzimuka. Pansi pa bedi pankayaka kanyale kofooka, mbali yawo yokha, pamene ankaika masilipasi. Mbali ya amuna awo kunali bii. Mtima unagunda, koma chikhodzodzo sichidziwa mantha. Anadzuka.

Atatsegula chitseko, babu loyamba linayaka patsogolo pawo. Anakoka bondo lawo lovulala pasitepe, ndipo asanafike pamdima lachiwiri linali litayaka kale. Anaima. Linawadikira. Anayang'ana kumbuyo, ndipo kunalibe munthu, koma mtsikana yekha atasuzumira pachitseko cha chipinda chake, atagwira pakamwa.

"Amayi," ananong'ona, "zikuyenda ndi inu."

"Ndaona. Ndili ndi maso, ngakhale mwawanyoza."

Wokoka mwendo uja, amene anasowetsa tulo nyumba yonse, anali iwo omwe. Bambo uja anali atawayeza mayendedwe, ndi nthawi imene amatha kubafa, osanena kanthu.

Atatuluka kubafa, sitepe inawala yonse, mpaka mng'alu umene unawagwetsa. Anatsika bwinobwino osagwira khoma. Mtsikana ankawatsatira chapatali.

Ya pasinki inaphethira kawiri.

Amayi anakweza maso. Pakashelefu pansi pa babulo panali botolo la mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi, litachita fumbi. Chaka chatha anawakalipira amuna awo: mukadzandikumbutsanso za mapiritsi, ndisamuka muno. Bambowo sanadzatchulenso.

Chitseko cha kuseri chinalira. Anali mlamu wawo, makwerero paphewa.

"Ndati ndiyambe msanga, alamu, zisanayambe zija."

"Bwezani komwe mwawatenga."

"Koma tinagwirizana kuti..."

"Munagwirizana ndi mbale yanu. Iwe," anatembenukira kwa mtsikana, "foniyo uisiye, ndi chaja chake. Chipinda cha kwanu chija ukagonekemo azakhali ako."

Mtsikana anapukuta m'maso ndi mkono. Mlamu anaima pakhomo, osalowa, osatuluka, akuyang'ana babulo.

Linaphethiranso.

"Ndamva, ndamva," anatero amayi mokalipa, akutsegula mpopi. Anapukuta botolo ndi chala, n'kutunga madzi m'kapu.