Chigongono cha Jeke

Pagalaja ya matayala a malole ankamutcha Jeke, chifukwa masiku ake ankatukula tayala yekha anzake akufunafuna chotukulira. Chimene chinamugwetsa si tayala ayi, koma mafuta otayika pansi. Anaterereka, n'kugwera chikhatho, chigongono cha kumanja n'kuguluka. Kuyambira pamenepo chinazolowera. Akakanikiza chitsulo chokanulira tayala, kapena kungodzuka pampando atatsamira dzanja, ankangomva kuti khwe, mkono n'kulendewera ngati wa eni.

Mankhwala ake anali alamu ake, mlongo wa mkazi wake, amene ankawotcherera zitsulo pagalaja pomwepo. Ankamukhazika patayala, wina n'kumugwira paphewa, iwo n'kukoka dzanja mpaka fupa litabwerera, n'kumvekanso kuti khwe. Akatha ankamuseka kuti mlongo wawo anakwatiwa ndi munthu wa mabawuti osamanga.

Zitafika poti chikuguluka ngakhale povala malaya, Jeke anapita kuchipatala. Dokotala wa mafupa anati mtsempha womanga mafupa a pachigongono unatha ngati chingwe chakale, ndipo kukokako kunkangowonjezera. Anamuchita opaleshoni. Anadula mtsempha wina kuseri kwa bondo lake, anaboola timabowo m'mafupa a mkono, n'kuupisamo, n'kuumanga. Jeke anati wamva, chimenecho ndi chigamba basi. Dokotala sanaseke. Anati chigamba cha tayala chimagwira tsiku lomwelo, koma ichi chimafuna miyezi kuti chimere m'fupa, ndipo munthu asayerekeze kukoka mkonowo.

Atachotsa chikhakha, mkono unatuluka woonda, wotuwa, wopindika, wokana kuwongoka. Mayi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo kuchipatalako, ankauwongola pang'onopang'ono moti Jeke sankaona kusintha kulikonse. Bwana wa galaja anali atatumiza kale mawu akuti malole sadziwa kuti munthu wadwala, malo a Jeke sangakhale opanda munthu mpaka kalekale.

Tsiku lina masana Jeke anapita kugalaja kukaonekera. Anapeza bambo wina wachilendo akukanula tayala ndi chitsulo chake, chija anachikulunga yekha mphira pogwirira. Bwana anamulonjera bwino, koma maso ali pamkono wopindikawo, nati akawongoka abwere akambirane.

Alamu anakweza magalasi owotcherera, nayamba kupapasa chigongonocho ndi zala zakuda. Anapukusa mutu. Anati zimenezi si zachilendo, madokotala anasoka khungu fupa lisanalowe bwino m'malo mwake.

"Alamu, mkono uwu ndimaudziwa kuposa mmene amaudziwira mkazi wanu," anatero. "Wa masukulu uja waugwira kamodzi. Ine kangati?"

Anthu anaseka. Jeke sanaiwale mawu a dokotala, anali nawo m'mutu onse. Koma kuseri kwake chitsulo chake chinkalira m'manja mwa wina, ndipo manja a alamuwa anali asanamulakwirepo. Anakhala patayala.

"Kokani," anatero.

Sipanamveke khwe uja wopumitsa. Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati ulusi ukuduka m'msoko wa thalauza, ndipo ululu unamukwera mpaka m'mano. Mkono unawongoka ndithu. Anzake anaomba m'manja, alamu akuti alipidwe ngati dokotala. Wina anamupatsa sipanala kuti ayese. Atangoinyamula, chigongono chinasuntha chokha, mofewa, popanda chogwira. Sipanala inagwa pasimenti. Palibe amene anaitola.

Kuchipatala dokotala anayang'ana chithunzi cha mafupa nthawi yaitali. Mtsempha watsopano unali utazuka, n'kung'amba kafupa ka pakati pa timabowo tija, moti pobowolanso panalibe. Anati chotsala ndi chomangira cha pulasitiki ndi malamba, chovala tsiku lililonse, ndipo za matayala aiwale. Kenako anafunsa ngati anagwa.

Mkazi wake anali pampando pafupi ndi chitseko, atakumbatira chikwama.

"Ndinagwa," Jeke anayankha. "Pamasitepe."

Dokotala anamuyang'ana, nayang'ananso mikwingwirima ya zala imene inali isanazimirire padzanja.

Alamu sanapondenso pakhomo pawo. Mmawa wina, mkazi wake akumumanga malamba a chomangiracho, anadandaula kuti achimwene ake asintha, mlamu wawo akuvutika chonchi iwo osabwera ngakhale kudzazonda. Anafunsa ngati anayambana.

Jeke anayang'ana zala zake zikutupa pansi pa lamba.

"Ayi," anatero. "Kugalaja ntchito yachuluka. Masulako pang'ono apa, mayi, wathinitsa."