Tulo ta Jailosi ku Pfupajena

Jailosi adatsika kombi ku Chegutu isanaime n'komwe, kondakitala akukuwa m'Chishona kuti, "Mudhara, muchafa!", kutanthauza kuti, "Madala, mufatu!" Iye sadacheuke. Anali atanyamula mawu atsopano m'kamwa, ndipo ankaopa kuti angamuthawe asanafike ku Pfupajena.

Kumeneko kunali Esime, mayi wamasiye amene adamulola kuti azidzacheza Loweruka masana. Koma ulendo uliwonse, akangokhala pakhonde n'kumwa tiyi, Jailosi ankayamba kuwodzera. Sabata yathayo adadzidzimuka malovu ali pakolala, chitseko chili chitsekere. Esime adangotumiza mawu akuti mwamuna wogona mkazi akulankhula akagone kwawo ku Ingezi.

Mwana wa Jailosi, Shylet, namwino ku Kadoma, ndiye adamumasulira vutoli. Zaka zonse zija za shifiti ya usiku kumgodi, thupi lidaphunzira kuti dzuwa likakwera ndiye kwada. Mgodi udamupumitsa, koma thupi palibe adaliuza.

Adampeza Esime akuyanika zovala.

"Mayi, vuto si inu ayi! Ndi wotchi ya m'thupi!"

"Moni mwausiya m'kombi? Wotchi yanji, mwaimeza liti?"

"Aliyense ali nayo, ngakhale nkhuku! Ndiyo imaitana njala, imaitana tulo, imakudzutsani popanda belu. Yangayi idatembenuzika pansi pa nthaka. Shylet akuti ndiziwothera dzuwa la m'mawa, ibwerera m'malo mwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi. Mundidikire."

Esime adafinya malaya osamuyang'ana. "Ndiye kuti nkhani zanga sizitopetsa?"

"Ndimazitenga n'kupita nazo kumaloto."

Mayiyo adayesa kumanga nkhope, koma phwete lidamupulumuka, mpaka adagwira chingwe cha zovala.

"Inu a Jailosi! Ine ndidakalambira pamakina a nsalu, usiku wokhawokha. Mukabwera masana ndimadzitsina pantchafu kuti ndisakuyasamulireni kumaso. Inu n'kumangoliza mkonono ngati chigayo, ine ndikuzunzika ndi ulemu!"

"Ndiye yanunso..."

"Yanganso. Chokani panjira."

Adalowa m'nyumba. Jailosi adaima chilili, chipewa m'manja, kudikira kumva loko. M'malo mwake Esime adatuluka ndi mpando wa khushoni, n'kuuika pambali pa wina umene unali pansi pa mtengo wa mango.

Amayi ochokera kumsika adadutsa dzuwa lili paliwombo, akukangana mokweza m'Chishona. Atafika pampanda adatsinana, n'kutsitsa mawu. Pansi pa mtengo wa mango paja, mitu iwiri ya imvi inali itatsamirana m'tulo.