Mbatatesi za Mayi Halina

Wongani anafumbata milomo, supuni ya phala n'kubwerera yodzaza.

"No, Mummy. Potato," anatero mwanayo, wa zaka ziwiri zokha koma liuma la munthu wamkulu.

Mtima wa Deliwe, mayi wake, unali m'mwamba. M'mawa womwewo nesi wa kukiliniki ya ku Handsworth, kudziko lakunja komwe ankakhala, anamuika mwanayo pasikelo, n'kunena mosapsatira kuti akatsikanso mwezi wamawa amugoneka m'chipatala.

Themba, mwamuna wake, anatseka buku lake la kuyunivesite. "Amake Wongani, kwa Mayi Halina mwanayu ankanenepatu."

"Kunenepa ndi mbatatesi? Imeneyo ndi ndiwo, bambo. Kwathu ku Ntcheu timalima, koma ndani anagonerapo mbatatesi n'kumati wadya?"

Mayi Halina anali neba wawo, mzimayi wa ku Poland amene ankasunga Wongani, Deliwe akakhala pashifiti. Tsiku lina Deliwe anapeza mwana wake akudya mbatatesi yowiritsa ndi makoko omwe, yothira chambiko. Anamunyamula osatsanzika n'komwe, n'kusinthitsa mashifiti kuti azimuphikira yekha phala. Kuyambira pomwepo mwana anayamba kutha.

"Nanga nesi uja mutamufunsa wati chiyani?" anafunsa Themba.

Deliwe anayang'ana kumbali. Anafunsadi, poganiza kuti nesiyo amuikira kumbuyo. Koma iye anati mbatatesi yophika osasenda imasunga mavitamini, ndipo ikakumana ndi mkaka kapena dzira imamanga thupi kuposa phala la ufa woyera lopanda nsinjiro.

"Safunsa anadya phula," anatero Themba. "Koma inu mwafunsa, phula mukudyabe."

"Mayi Halina nditawanyoza chonchija ndikagogode ndi nkhope iti?"

Pomutsitsa mwana pampando, kabudula anangoti pholo, kugwera m'mapazi. Deliwe anagwira kamkono ka mwanayo ndipo anachita mantha enieni. Manyazi sanawaganizirenso; anamunyamula n'kulunjika kwa neba uja.

Mayi Halina atatsegula chitseko sanayang'ane Deliwe. Anapsinya tsaya la Wongani n'kupukusa mutu.

"Too thin," anatero.

"Ndiphunzitseni, mayi," anatero Deliwe m'Chingerezi.

M'khitchini Deliwe anatola mpeni kuti ayambe kusenda monga anazolowera. Mayi Halina anamulanda mpeniwo, n'kumulozera pampopi kuti angotsuka basi. Deliwe anatsuka. Potembenuka anapeza Wongani atakwera kale pampando wake wakale, supuni ili m'manja.