Madzi a Chamba ndi Mankhwala a Magdalene

M'komboni ya George anthu ankadziwa kuti a Whyson Sakala amagwira ntchito ya madzi, ndipo eni akewo sankaona chifukwa chowonjezerapo mawu. Mpopi wa pa kiyosiki ukauma, amayi a zigubu ankawaimitsa pamsewu n'kuwafunsa kuti madzi abwera liti. A Whyson ankayang'ana kumwamba, n'kukhosomola pang'ono, n'kuyankha kuti nkhaniyo ikuonedwa. Ntchito ya madzi ankagwiradi, kungoti anali madzi a chamba.

Kampaniyo inali ndi chilolezo cha boma, chopachikidwa m'felemu pakhomo, cholima chamba cha mankhwala chotumiza kunja. Inali m'chinyumba chimene kale chinali fakitale ya mabulangete, nthawi ija Lusaka adakali ndi mafakitale. Mkatimo chamba chinkamera popanda dothi, mizu yake ili lende m'madzi oyenda m'mapaipi kuchokera m'mathanki akuluakulu, nyale zapamwamba zikuotcha ngati dzuwa la masana. Ntchito ya a Whyson inali imodzi: madziwo asafunde, asazizirenso mopitirira. Akafunda, mizu inkada, n'kuyamba kuterera ndi kununkha ngati ngalande ya ku Kanyama. Akazizira kwambiri, chomera chinkanyanyala, osamwa, osakula. Choncho tsiku lonse a Whyson ankazungulira mathanki, choyezera kutentha chili m'khosi pachingwe, akuyenda pang'onopang'ono ngati dokotala wamkulu m'wodi.

Vuto linali loti anali mkulu wa mpingo, ndipo fungo la chamba silidziwa maudindo. Akazi awo, Magdalene, amene ankagulitsa tomato ndi kapenta pa kantemba pafupi ndi siteji ya maminibasi, ankawachingamira pakhomo madzulo aliwonse.

"Batate Ennie, vulani ovolosi panja. Mukangena nayo, na makoswe yonse yazayamba kuseka."

"Ni mankhwala, bamake Ennie. Boma inasaina."

"Mukabauze babusa kuti boma inasaina."

Ennie, mwana wawo mmodzi yekhayo, anakwatiwa ku Chipata, moti m'nyumbamo munali awiriwo basi, ndi matenda a shuga a Magdalene amene anali ngati wachitatu. M'mawa ndi madzulo Magdalene ankadzibaya insulini pantchafu, mwakachetechete, monga mmene munthu amasokerera batani. Timabotolo ta mankhwalawo tinkafuna malo ozizira, ndipo kwa zaka zambiri tinkakhala m'firiji ya a Nkole, mayi wa gulosale wa nyumba yoyandikana, pakati pa maheu ndi soseji.

Kenako chinafika chaka chija mvula inakana, damu la magetsi la Kariba n'kuphwa. Magetsi anasanduka mlendo wofika anthu akugona n'kuchoka asanadzuke. Firiji ya a Nkole inakhala kabati wamba. Ku kiliniki nakonso insulini inkapezeka mwa apo ndi apo, mpaka a Rodgers, mlongo wake wa Magdalene, dalaivala wa thiraki, anabwera nalo bokosi lathunthu kuchokera ku Joni, lokwanira miyezi ingapo. Analiika patebulo, n'kunena kuti mlongo wake asadzaimenso pamzere, n'kubwerera kumsewu.

Magdalene anati timabotoloto atiika mumphika wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, monga ankachitira anzake a shuga. A Whyson anaika kapu pansi.

"Mu mphika? Mukazi wa munthu wamene nchito yake ni kuzizilisa madzi? Imwe mufuna banthu baniseke?"

"Nibandani bazaseka? Banthu baziba kuti musebenza ku pompi."

Koma a Whyson anali atagamula kale. Kabotolo kamodzi kogwiritsa ntchito kanatsala kunyumba, tina tonse anapita nato kuntchito. Anatiika m'chigubu cha chiponde chotsukidwa bwino, n'kutseka zolimba, n'kuchimanga chingwe, n'kuchimiza m'thanki ya kumapeto. Madzi a m'menemo anali ozizira bwino, ngati a pachitsime m'mamawa. Mankhwala anakhala mmenemo mwamtendere, Magdalene nayenso anali bwino.

Tsiku lina a Kalumba, manijala wa kampani, akuyendera mathanki pokonzekera kubwera kwa oyendera a boma, anakoka chingwecho.

"Mudala, ni chani ichi?"

A Whyson anafotokoza, ndipo anafotokoza motalika, kuyambira ku Kariba.

"Namvela, mudala, pepani na bamayi," anatero a Kalumba. "Koma mu thanki simungena chinthu chili chonse chakunja. Bogula bamapima vonse. Bakapeza kadoti, tonse tili pa musewu. Sakilani kwina."

Kwinako sikunali kutali. Dizilo anali atakwera mtengo moti jenereta sinkathanso kukoka nyale, mapampu ndi makina oziziritsa madzi nthawi imodzi. Masana makinawo ankazimitsidwa, ndipo m'malo mwake a Whyson ankaponya m'mathanki mabotolo a madzi oundana. Mabotolowo ankaundana m'dipu firiza yaikulu imene inkayaka usana ndi usiku, ndipo kiyi wake anali m'thumba la a Whyson. Anakulunga timabotolo ta Magdalene m'kathaulo katsopano, n'kutigoneka pansi penipeni, pakona, pamene chisanu chinali chochindikala ngati ufa. Potseka chivindikiro anamva mumtima ngati munthu amene wapezera m'bale wake ntchito m'boma.

"Manje mankhwala yanu yali pamalo ya mabwana," anawauza akazi awo madzulo. "Mu Lusaka yonse kulibe pozizila kuchila paja. Olo ku mayadi."

Kabotolo kakunyumba katatha, anatulutsa kena, kolimba ngati mwala, n'kukaika m'thumba la shati. Pofika pa siteji ya George kanali katasungunuka. Anakapereka ndi manja awiri. Magdalene anakagubuduza m'zikhato monga mwa nthawi zonse, n'kukakweza chakuwindo, n'kukayang'ana nthawi yaitali ndithu. A Whyson anaganiza kuti akuyamikira.

"Zikomo, batate Ennie," anatero.

Okutobala wa chaka chimenecho anali wankhanza. Malata a fakitale ankalira ndi kutentha, ndipo mumzere wa kumapeto mizu inayamba kuda. A Whyson anamenya nkhondo. Anakuta mathanki ndi masaka onyowa, anapenta mapaipi akunja laimu, anathamanga ndi mabotolo oundana mpaka zala kuchita dzanzi. Madzulo ankafika ndi nkhani yake, thanki ndi thanki, Magdalene akumvetsera ali gone pamphasa, chigubu cha madzi chili pambali. Ankamwa ngati ng'ombe yochokera kudambo louma, n'kumangotuluka kupita kuchimbudzi. Chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri.

"Ni kupya uku," anatero a Whyson. "Na vomela vonse vili so. Mvula ikabwela muzaona."

Mizu ija inachira. Yoyera yatsopano inatuluka pamwamba pa yakuda, ndipo a Kalumba anawagwira chanza pamaso pa anthu onse. Masana a tsiku lomwelo foni inalira. Anali a Nkole. Magdalene anagwa pa kantemba, tomato n'kumwazika mumsewu, ndipo anthu anali atamutengera kale ku kiliniki, kiliniki n'kumutumiza kuchipatala chachikulu.

A Whyson anamupeza ali pabedi, maso otseka, akupuma mozama ngati munthu wokwera phiri, botolo la madzi lili lende pamwamba pake. Namwino, mayi wonenepa wa maso otopa, anafunsa ngati wodwalayo analeka kudzibaya. A Whyson anakana mwamphamvu, n'kutulutsa kabotolo kamene a Nkole anabwera nako m'chikwama cha Magdalene. Namwinoyo anakapendeketsa. M'mbali mwa galasi munali timibulu toyera tomata, tosasungunuka.

"Munali kusungila kuti?"

Ngakhale pamenepo, pambali pa bedi, chifuwa cha a Whyson chinatukumuka pang'ono. "Mu dipu firiza, basista. Ya kampani. Siizima olo pang'ono."

 Namwinoyo anaika kabotoloko patebulo mofatsa, ngati kuti kangamve kupweteka.

"Batate, insulini ifuna pozizila, koma ikauma kunkhala ayisi ninshi yafa. Olo isungunuke, siibwelela. Bamayi aba benze kuzilasa manzi chabe."

A Whyson anayang'ana kabotolo kaja. Ndi kangati anaimitsa antchito atsopano pambali pa thanki n'kuwaphunzitsa, chala chili m'mwamba, kuti kuzizira kopitirira n'koipa ngati kutentha? Anadziwa zimenezi za mizu ya chamba. Sanaganizepo kuti za akazi awo zingafanane ndi za chomera. Kwa akazi awo anafuna zoposa.

Magdalene anatsitsimuka patapita masiku. Madokotala ankayankhula za impso, motsitsa mawu, akuyang'ana mafayilo osati nkhope. Nthawi yoona odwala a Whyson anakhala pampando wachitsulo, atavala jekete la kutchalitchi, manja ali pakati pa mawondo.

"Lelo simununkha," anatero Magdalene ndi mawu ang'onoang'ono.

"Sinipita ku nchito."

"Nanga vomela vanu?"

"Bamake Ennie, basista bakamba kuti..."

"Ninamvela. Nenze sininagone." Anapuma. "Ninaona tsiku lija kuti yasintha. Yenze na tumibulu."

"Munaona? Nanga osakamba bwanji?"

"Munabwela nayo na manja yabili, monga mwana wapasa mayeso. Ninati mawa nizakamba. Mawa munabwela na nkhani ya mathanki. Elo ninati, aba ndiye baziba va kuzizila, ine niziba tomato."

A Whyson anagwira chitsulo cha bedi. Panja wina ankakankha chikuku cha mawilo olira.

"Mvelani," anatero Magdalene. "Ba Rodgers musabauze. Muziba mutima wao, bazapanga nkhondo pa malilo, Ennie azachita manyazi kuli bapongozi bake. Mukambe chabe kuti ni shuga."

"Musakambe va malilo."

"Nakamba kale. Lonjezani."

Analonjeza. Magdalene anamwalira mvula isanagwe.

Pamaliro amuna anakhala panja pa masofa otulutsidwa m'nyumba, pansi pa tenti yobwereka kutchalitchi, akazi akuimba mkati. A Rodgers anafika masana, fumbi la msewu lidakali m'tsitsi. Analowa kukalira, n'kutuluka, n'kukoka mpando kukhala pafupi ndi a Whyson. Kwa amuna onse amene analipo ananena mokweza kuti mlamu wakeyu ndi munthu, kuti pamene komboni yonse inalibe magetsi, iye anasunga mankhwala a mlongo wake m'makina a kampani. Amunawo anavomera ndi mitu.

"Nanga chinachitika ni chani, balamu?"

"Ni shuga," anatero a Whyson.

"Shuga ni satana." A Rodgers anapukuta maso ndi chipewa. Kenako anatembenuka. "Yaja mankhwala yanasalako yambili, si so? Nakumana na bamayi bena pa geti, ba mu kwaya yanu, mwana wao naye ni wa shuga, basakila konsekonse. Nabauza kuti mawa muzabapasa. Yasaonongeke chabe."

A Whyson anawaona mayiwo ali chiimire pageti, atavala yunifolomu ya chigwirizano, akuyang'ana kuno ndi nkhope ya munthu amene wauzidwa uthenga wabwino pamalo osayenera kusekerera. Timabotolo tija tinali tidakali pakona paja, m'kathaulo, pansi pa chisanu.

"Yanasila," anatero.

"Yanasila bwanji? Bokosi yonse ija?"

"Yanasila, balamu."

A Rodgers anawayang'ana nthawi yaitali. Anali munthu wa pamsewu, wodziwa zimene anthu amagulitsa zinthu zikathina: dizilo wa bwana, matayala, mabulangete a kuchipatala. Mawu awo anatsika mpaka kumveka kwa awiriwo okha.

"Munagulisa?"

Panali mawu ochepa chabe amene akanachotsa funso limenelo, ndipo a Whyson anali nawo pakamwa. Sanadziwe ngati chowatseka chinali lonjezo lija, kapena kuti kutchedwa mbala kunali kopepukirapo kusiyana ndi kunena, pamaso pa amuna a George, chimene katswiri wa madzi ozizira anachita. Anayang'ana nsapato zawo.

A Rodgers anaimirira, ananyamula mpando wawo, n'kukauika mbali ina ya tenti. Kenako anapita pageti kukayankhula ndi mayi aja. A Whyson anaona mayiwo akumvetsera, akugwedeza mutu, n'kumanga bwino chitenje chawo, n'kulowa m'nyumba kukathandiza anzawo kuimba.