Chilolezo Chotsika m'Sitima

Lemuel Pruitt anafika pamwamba pa mlatho wokwerera sitima yapamadzi mawondo akuphwanya, n'kuima monga mwa masiku onse. Anatembenukira kumbuyo kwa sitimayo, komwe kale kunkapepera mbendera, nachita sawatcha.

"Ndikupempha chilolezo chokwera," anatero chapansipansi.

"Madala, tayendani, tikuchedwa ife," anadandaula wantchito wina pamzere. "Mukupempha kwa ndani, kwa nkhunda?"

"Mako ndi mako, mwanawe, usamuone kuchepa mwendo," Lemuel anayankha osacheuka.

Mwambo wa asilikali apamadzi ndi umenewo: sukwera, sutsika, usanapemphe chilolezo kwa wapachipata. Lemuel anauphunzira pa sitima yomweyi ali mnyamata, ikadanyamula ndege zankhondo pamsana, moto wa nyukiliya ukuyaka m'mimba mwake. Tsopano motowo anauzula, ndipo iye, imvi zili mbuu, anam'lemba ntchito yoidula nthulinthuli. Ntchitoyo inkamutopetsa thupi ndi mtima womwe. Koma pa msinkhu wakewo, ina akanaipeza kuti?

Tsiku limenelo mtima unali m'malere. Virgil Tate, mnzake amene ankagona pabedi la pamwamba pake m'sitimamo, anali gone kwawo, mapapo atatheratu, madokotala atagwa mphwayi. Lamulungu lapitalo, Lemuel atapita kukamuona, Virgil anam'gwira dzanja. "Iwe Lem, ukandidulire kachitsulo ka pabedi langa paja tinazokota maina. Ndikagwireko ndisanapite." Lemuel anavomera osaganiza kawiri. Paja lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

Chipinda chawo anachipeza chili dzimbiri lokhalokha, koma maina aja analipo. Anayatsa chodulira cha gasi, nachotsa kachidutswa kokwana m'thumba. Kasanazizire n'komwe, Mayi Barrera, kapitawo wawo, anali ataima pakhomo.

"Bambo Pruitt, utoto wachikasu uwo mwauona?"

"Ndauona, mayi."

"Chipinda chino chinagundana ndi komwe kunali moto wa nyukiliya uja. Chitsulo cha muno chingakhale ndi poizoni, sichituluka pageti. Mukayesa, makina oyezera poizoni akalira, ntchito yanu yathera pomwepo."

"Ndi cha mnzanga, ali kumapeto. Unyamata wake wonse anaugonera pano. Poizoniyo angamuonjezere chiyani?"

"Iyeyo palibe," anatero Mayi Barrera mofatsa. "Nanga adzukulu ake akamadzakaseweretsa?"

 Za kutha kwa ntchito Lemuel akanalimba nazo mtima, koma za anazo zinam'gonjetsa. Anakatembenuza kachitsuloko, nasisita maina aja ndi chala, kenaka anakaponya mumgolo wachikasu wotayamo zitsulo za poizoni. Anamva manyazi ngati wamubera mnzake.

Ataweruka anapita kwa Virgil dzuwa likadalipo. Loretta, mkazi wa Virgil, anam'tsegulira maso ali psuu.

"Lowani alamu. Kuyambira m'mawa akungofunsa za inu."

Virgil sanayang'ane nkhope ya mnzake. Anayang'ana manja.

"Wabwera chimanjamanja."

"Sizinatheke, Virgil. Ndakugwiritsa fuwa lamoto."

"Mantha ako aja sanathebe? Munthu wothawa ndi mphemvu yomwe." Anayesa kuseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa chosalekeza. Chitatsika, anafunsa, "Maina analipo?"

"Analipo. Lako lokhotakhota ngati mwini wake."

"Bedilo?"

"Ndalidula ndekha."

Virgil anakoka mpweya movutikira. Lemuel anadikira kukalipiridwa, ndipo akanakonda kuti zitero.

"Gulu lathu lija linatha," Virgil anatero potsiriza. "Wotsala pa sitima ndi iwe wekha. Ndiye kuti wapachipata ndiwe."

Anakweza dzanja lake lowonda pang'onopang'ono mpaka linafika pachipumi.

"Ndatopa, Lem. Ndikupempha chilolezo chotsika."

Loretta anatembenukira kuwindo, dzanja lili pakamwa. Lemuel anadzuka pampando, mawondo akukana, nawongola msana monga ankachitira kale. Anabweza sawatchayo. 

"Ndakuloleza, mnzanga. Tsika bwino."

Virgil anatsitsa dzanja, n'kutsinzina. Lemuel sanatsitse lake mpaka Loretta atabwera kudzam'gwira paphewa.