Ndodo Ziwiri za Bambo

Adokotala ananena momveka bwino: mtima wa bambo wafooka chifukwa chokhala pansi zaka makumi atatu pa makina osokera. Aziyenda mwandawala theka la ola tsiku lililonse, atagwira ndodo ziwiri, kuti mikono nayonso izigwira ntchito komanso mawondo asamalemedwe. Ntchito yowaperekeza inagwera ine, mwana wawo wamkazi, poti achimwene amakhala kutali ndipo chimene amatha n'kulangiza pafoni basi.

Tsiku loyamba sitinafike ngakhale pamphambano. Mayi wogulitsa tomato atangoona ndodo zija anagwira pakamwa.

"Kalanga ine, atelala! Mwagwa?"

"Sindinagwe, mayi, ndi mtima," anatero bambo, n'kutsamira ndodo bwinobwino, kuiyamba nkhani kuchokera tsiku limene anamva chizungulire.

Kenako wometa tsitsi anawatulutsira mpando. Woyendetsa takisi wina anaima, akuti tikwere akatisiye kuchipatala. Ola lathunthu linatha, thukuta osatuluka ngakhale dontho. Amene mtima unkagunda kwambiri ndinali ine, ndi mkwiyo.

"Bambo, anati mwandawala! Uku n'kuyenda kapena kucheza?"

"Ndiye anthu azindipatsa moni ine ndizingodutsa ngati galu? Ndinakulera choncho iwe?"

Sabata yonse zinali zomwezo. Lachisanu anabwerako ndi mathalauza awiri a anthu oti akawapinde, atawakoleka pandodo.

Lolemba ndinawatulutsira khomo lakumbuyo, n'kulowera njira yokwera phiri kuseri kwa fakitale, kumene kulibe wolonjerana naye. Anadandaula mpaka mpweya unawathera. Ine ndinkangowakumbutsa: ndodo yakumanja ndi phazi lakumanzere, yakumanzere ndi lakumanja. Iwo ankabaya pansi mwaukali ngati akubaya ineyo. Titafika pamwamba, malaya atanyoweratu, anandiyang'ana n'kunena mwawefuwefu kuti, "Mwana wankhanza iwe, unatengera amako."

Mawa lake tinakweranso. Mkuja wakenso. Tsiku lina anabisa ndodo imodzi pansi pa bedi, ndinaipeza.

Patatha miyezi iwiri tinabwerera kuchipatala. Masitepe anawakwera osapumira, ndipo atawayeza, kuthamanga kwa magazi kunali kutatsika.

"Mwatani kuti zitheke chonchi, bambo?" adokotala anafunsa.

"Khama, adokotala. Ndinaganiza ndekha zoti ndizikwera phiri. Uyu amangonditsatira m'mbuyo uku akung'ung'udza."

Ndinati ndiyankhe, koma iwo anali ataimirira kale pakati pa chipinda, akuwaphunzitsa adokotala kagwiridwe ka ndodo.