Mphira pa Mbendera Yofiira

Bambo anga, a Gerishon, sadziwa kukhala pansi. Ntchito yawo ndi yoima pamene msewu wa ku Chifunga umadutsa njanji, kuimitsa anthu, ng'ombe ndi njinga sitima ya malasha ikamabwera. Ali ndi mbendera ziwiri, yofiira yoimitsa ndi yobiriwira yolola kudutsa. Alinso ndi jekete la kampani lowala ngati nachesi lakupsa, limene amalinyadira kuposa ine mwana wawo.

Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi maso awo. Pa Khirisimasi anathira tiyi pambali pa kapu, n'kunamizira tebulo kuti ndi lopendekeka. Nditatchula za chipatala anandilusira.

"Iwe Deliwe, sitima ndimaiona ikadali kuphiri uko. Ukufuna akampani amve andichotse ntchito?"

Nkhaniyo ndinaisiya, koma mtima sunakhale m'malo. Panjanji paja pamadutsa ana asukulu m'mawa uliwonse.

Ku Blantyre ndimagwira ntchito mu situdiyo ya zithunzi. Abwana anga anandibwereka kamera yakale ya filimu, ija yotulutsa zakuda ndi zoyera basi, ndipo ndinapita nayo kumudzi kuti ndikajambule bambo ali pa ntchito. Za mitunduyo sindinawauze. Akanakana, poti chithunzi chosaonetsa kuwala kwa jekete lawo akanachiyesa cha pamaliro.

Kuwajambula kunali ngati kugwira nkhuku pabwalo. Ndikati imani apa, iwo apita kukathamangitsa mbuzi. Ndikati yang'anani kuno, iwo akukalipira wakabaza. Nditawapezerera kamodzi, anabwera n'kugwira kumbuyo kwa kamera.

"Tandionetsa."

"Iyi si foni, bambo. Mpaka ndikatsuke ku Blantyre."

"Chithunzi chotsuka ngati mbale? Ana a masiku ano mwatha nzeru."

Nditatsuka filimuyo ndinayala zithunzi patebulo. Mbendera ziwiri zija zinatuluka zotuwa mofanana, moti ineyo sindikanadziwa yofiira ndi iti. Koma pa ndodo ya imodzi panali pokulungidwa mphira wa tchubu cha njinga, ndipo chala chachikulu cha bambo chinali pa mphirapo m'chithunzi chilichonse. Chinanso, palibe pamene anayang'ana kochokera sitima. Ankapendeketsa mutu, khutu ndilo linkaloza kunjanji.

Sindinadikire kutha kwa mwezi. Ndinakwera minibasi mpaka pa Zalewa, kenako njinga yamoto, envelopu ya zithunzi ndili nayo pachifuwa. Njira yonse ndinkakangana nawo mumtima, ndipo ngakhale mumtimamo ankandigonjetsa.

Ndinawapeza pamalo pawo, dzuwa likuswa mtengo. Anapukuta manja pa buluku, n'kutenga chithunzi chachikulu chija ataima pakati pa njanji. Anachiyandikiza pamphuno, n'kuchitalikitsa, n'kuchiyandikizanso. Kenako anaseka mokweza.

"Eee, koma jeketeli lawala bwanji! Ngati moto, eti? Ichi ndikachipachika pabalaza, a Fackson akachione, aja amati ntchito yanga ndi yoweta mbuzi."

Ndinamva chisoni chosaneneka. Ndikanatha kuvomera, tonse n'kuseka, ine n'kubwerera ku Blantyre. Koma patsidya pa njanji panali tiana titatu tonyamula mabuku, tikudikira mbendera yawo.

"Bambo," ndinatero, "chithunzichi chilibe mtundu. Ndi chakuda ndi choyera basi. Jekete lanu latuluka lotuwa."

Anaima ndi chithunzicho m'manja. Nthawi yomweyo sitima inaliza hutala chapatali. Anandipatsa chithunzicho, dzanja lawo n'kupapasa ndodo ziwiri zija mpaka chala chinapeza mphira, ndipo anakweza mbendera yofiira. Tiana tija tinaima. Sitima inadutsa, mabogi akuda osatha, fumbi la malasha likutigwera m'maso. Ine ndinkangoyang'ana chala chija.

Phokoso litatha anakweza yobiriwira, ana n'kuwoloka akuwapatsa moni. Bambo anayankha aliyense ndi dzina lake, atamuzindikira ndi mawu.

"Mphirawu ndinaumanga chaka chatha," anatero osandiyang'ana. "Makutu ndiye akadali bwino. Koma mlungu watha mphepo inkawombera kwina, sitima ndinaimva itafika kale pa mlatho."

"Ku chipatala amachotsa ng'ala, bambo. Anthu amaonanso."

"Nanga akampani akapanda kundidikira?"

"Sindikudziwa."

Anakulunga mbendera zonse ziwiri pang'onopang'ono, n'kuzipanira m'khwapa. Bambo amene sanandipemphepo ngakhale madzi akumwa anatambasula dzanja n'kupeza phewa langa.

"Ndikawauza akapitawo madzulo ano, abweretse wina. Mawa pokwera minibasi undigwire dzanja, koma mochenjera, anthu asaone. Jeketeli ndivala."